Georg Simon Ohm

Georg Simon Ohm (16 March 1789 – 6 July 1854) anali katswiri wa fizikisi ndi masamu wa ku Germany. Amadziwika chifukwa chotulukira lamulo lofotokoza kuchuluka kwa magetsi amene amadutsa mu waya, lomwe lero limatchedwa lamulo la Ohm. Lamuloli limati magetsi odutsa mu waya wachitsulo amachuluka molingana ndi mphamvu imene ikuwakankha, ndipo amachepa molingana ndi mmene wayayo akuwakanizira kudutsa. Kukaniza kumeneku pa sayansi kumatchedwa resistance, ndipo muyezo wake, ohm, unatengedwa ku dzina lake.

Ohm anachita kafukufuku wake ali mphunzitsi wa kusekondale, pogwiritsa ntchito zipangizo zimene zambiri anadzikonzera yekha. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1826 ndi 1827, koma akuluakulu a maphunziro a kwawo sanazilabadire. Panapita zaka 14 asanalandire ulemu waukulu, ndipo udindo wa upulofesa umene ankaufunitsitsa anaupeza kutatsala zaka ziwiri zokha kuti amwalire.

Kubadwa ndi ubwana

Ohm anabadwira mumzinda wa Erlangen, womwe lero uli m'chigawo cha Bavaria. Pa nthawiyo Germany linali lisanakhale dziko limodzi. Kunali maufumu ambiri, aakulu ndi aang'ono. Bambo ake, Johann Wolfgang Ohm, anali mmisiri wopanga ndi kukonza maloko. Mayi ake, Maria Elizabeth Beck, anali mwana wa telala. M'banjamo munabadwa ana asanu ndi awiri, koma atatu okha ndi amene anakula: Georg, mng'ono wake Martin, ndi mlongo wawo Elizabeth Barbara. Mayiwo anamwalira Georg ali ndi zaka khumi.

Johann Wolfgang sanapite patali ndi sukulu, koma anadziphunzitsa yekha masamu ndi sayansi powerenga mabuku. Iye ndi amene anaphunzitsa ana ake aamuna masamu, fizikisi, kemisitiri ndi filosofi kunyumba. Georg analowa sekondale ya ku Erlangen ali ndi zaka 11, koma kumeneko sayansi inkaphunzitsidwa pang'ono ndipo ana ankangoloweza. Zambiri zimene ankadziwa anazitenga kwa bambo ake, kuphatikizapo luso losula ndi kukonza zitsulo, lomwe linadzamuthandiza kupanga zipangizo zake. Pulofesa wa masamu pa yunivesite ya Erlangen, Karl Christian von Langsdorf, atayesa anyamatawo anawayerekeza ndi a m'banja la Bernoulli la ku Switzerland, lomwe linatulutsa akatswiri ambiri a masamu. Martin Ohm anadzakhala pulofesa wa masamu ku Berlin.

Maphunziro a kuyunivesite

Mu 1805 Ohm analowa yunivesite ya Erlangen. Nthawi yake yambiri inkathera ku madansi, ku masewera a biliyadi ndi kutsetsereka pa madzi oundana. Bambo ake, amene ankalipira maphunzirowo movutikira, anakhumudwa, ndipo atangotha matemu atatu anamuchotsa n'kumutumiza ku Switzerland. Mu September 1806 anayamba kuphunzitsa masamu pa sukulu ina ku Gottstadt, pafupi ndi Nidau.

Langsdorf atasamukira ku yunivesite ya Heidelberg, Ohm anafuna kumutsatira kuti akapitirize maphunziro. Langsdorf anamulangiza kuti aziwerenga yekha mabuku a Euler, Laplace ndi Lacroix. Ohm anamvera. Mu March 1809 anapita ku Neuchâtel kumene anakhala zaka ziwiri akuphunzitsa ana a anthu m'makomo, kwinaku akuwerenga masamu. Mu April 1811 anabwerera ku Erlangen ndipo pa 25 October chaka chomwecho analandira digiri ya udokotala. Anaphunzitsa pa yunivesiteyo matemu atatu, koma malipiro ake sankakwana ngakhale pa zofunika za tsiku ndi tsiku.

Uphunzitsi ku Bamberg ndi ku Cologne

Mu January 1813 boma la Bavaria linamupatsa ntchito yophunzitsa masamu ndi fizikisi pa sukulu yosauka ya ku Bamberg. Sukuluyo inatsekedwa mu February 1816, ndipo anamusamutsira ku sukulu ina ya mumzinda womwewo imene inali ndi ana ochuluka kwambiri. Pofuna kusonyeza kuti angathe ntchito yoposa imeneyo, analemba buku lophunzitsira jometri lomwe linatuluka mu 1817.

Mu September 1817 anaitanidwa kukaphunzitsa pa sekondale ya Jesuit Gymnasium mumzinda wa Cologne, womwe pa nthawiyo unali mu ufumu wa Prussia. Sukuluyi inali ndi chipinda cha sayansi chokhala ndi zipangizo zabwino. Mmodzi mwa ophunzira ake anali Peter Gustav Lejeune Dirichlet, amene anadzakhala katswiri wamkulu wa masamu. Akaweruka, Ohm ankawerenga mabuku a akatswiri a ku France monga Lagrange, Legendre, Laplace, Biot ndi Poisson, kenako Fourier ndi Fresnel. Pofika mu 1825 anali ndi zaka 36 ndipo anali atazindikira kuti yunivesite singamulembe ntchito ngati alibe kafukufuku wofalitsidwa. Anasankha kufufuza za magetsi.

Zimene zinkadziwika pa za magetsi

Batire loyamba linapangidwa ndi Alessandro Volta wa ku Italy mu 1800. Kuyambira pamenepo asayansi anatha kuyendetsa magetsi mu waya mosalekeza, koma analibe njira yabwino yowayezera. Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti waya wodutsa magetsi amatembenuza singano ya kampasi imene ili pafupi naye. Izi zinapereka njira yoyezera: magetsi akachuluka, singanoyo imatembenuka kwambiri.

Mu 1821 Humphry Davy wa ku England anasonyeza kuti waya wautali amadutsitsa magetsi movutirapo kusiyana ndi wamfupi, kuti wonenepa amadutsitsa bwino kusiyana ndi wowonda, ndiponso kuti chitsulo chikatentha chimadutsitsa magetsi movutikira. Peter Barlow wa ku England ndi Antoine César Becquerel wa ku France nawonso anayeza mawaya, koma zotsatira zawo zinkasiyana. Panalibe amene anali atapeza lamulo lomangirira pamodzi mphamvu ya batire, kukaniza kwa waya ndi kuchuluka kwa magetsi. Henry Cavendish anali atafika pafupi ndi lamuloli mu 1781, poyeza magetsi ndi mmene ankamunjenjemeretsera thupi, koma sanafalitse zimene anapeza. Zolemba zake zinadzasindikizidwa ndi James Clerk Maxwell mu 1879.

Kafukufuku wa 1825 ndi 1826

M'nkhani yake yoyamba ya mu 1825, Ohm anagwiritsa ntchito batire la mtundu wa Volta ndi mawaya otalika mosiyanasiyana. Lamulo limene anapeza silinali lolondola. Vuto linali batirelo: mphamvu yake inkakwera likangolumikizidwa, kenako n'kumatsika pamene iye akuyeza, moti manambala a mawaya osiyana sankatheka kuwayerekeza bwino.

Johann Christian Poggendorff, mkonzi wa magazini yotchuka ya fizikisi, anamulangiza kuti asiye batire ndi kugwiritsa ntchito njira imene Thomas Johann Seebeck anatulukira mu 1821. Seebeck anapeza kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa malo awiri, malo amodzi n'kutenthetsedwa ena n'kuziziritsidwa, pamabadwa mphamvu ya magetsi. Ohm analumikiza mkuwa ndi chitsulo chotchedwa bismuth. Mfundo imodzi anaiika m'madzi owira, ina m'madzi oundana amene akusungunuka. Popeza madzi owira amakhala pa madigiri 100 ndipo osungunukawo pa digiri 0, kusiyana kwa kutentha sikunkasintha, choncho mphamvu yokankha magetsi nayo sinkasintha.

Poyeza magetsiwo anapachika singano ya maginito pa kachingwe kopyapyala kachitsulo, pamwamba pa waya. Magetsi akatembenuza singanoyo, iye ankapota kachingweko mpaka singanoyo itabwerera pamalo pake, ndipo kuchuluka kwa kupotako ndiko kunkasonyeza kuchuluka kwa magetsi. Kumayambiriro kwa 1826 anayesa mawaya asanu ndi atatu a mkuwa, onenepa mofanana koma otalika mosiyana. Manambala ake anagwirizana ndi lamulo losavuta: kuchuluka kwa magetsi kumapezeka pogawa nambala imodzi, yoimira mphamvu yokankha, ndi nambala ziwiri zophatikizidwa, ina yoimira kutalika kwa waya woyesedwayo, ina yoimira kukaniza kwa mbali zotsala za chipangizocho. Atasintha kusiyana kwa kutentha, nambala yoyamba yokha ndi imene inasintha. Apa Ohm anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anzake ankazisakaniza: mphamvu imene ikukankha magetsi, ndi kukaniza kwa njira yonse imene akudutsamo, kuphatikizapo m'kati mwa gwero la magetsilo.

Buku la 1827 ndi lamulo la Ohm

Mu 1826 Ohm anapatsidwa tchuthi cha chaka chimodzi pa theka la malipiro ake, ndipo anapita ku Berlin kumene kunali mng'ono wake. Kumeneko analemba buku lotchedwa Die galvanische Kette, mathematisch bearbeitet, lomwe linatuluka mu 1827 ndipo limafotokoza ndi masamu kayendedwe ka magetsi m'mawaya. Anatengera njira ya Joseph Fourier, amene mu 1822 anafotokoza mmene kutentha kumayendera m'chitsulo kuchoka kotentha kupita kozizira. Ohm anaona kuti magetsi nawo amayenda chimodzimodzi, kuchoka kumene mphamvu yawo ili yokwera kupita kumene ili yotsika.

Masiku ano lamuloli limalembedwa kuti V = I × R. Chilembo V chimaimira voltage, mphamvu yokankha magetsi, ndipo imayezedwa mu ma volt. Chilembo I chimaimira current, kuchuluka kwa magetsi odutsa pa sekondi iliyonse, ndipo imayezedwa mu ma ampere. Chilembo R chimaimira resistance, yomwe imayezedwa mu ma ohm. Waya ali ndi resistance ya ohm imodzi ngati volt imodzi ikuyendetsa ampere imodzi mwa iye. Mwachitsanzo, simbi yamagetsi imene resistance yake ndi ma ohm 50 ikalumikizidwa ku magetsi a ma volt 230, imakoka ma ampere 4.6.

Aphunzitsi ambiri amayerekeza izi ndi madzi a m'paipi. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, madzi amakankhidwa mwamphamvu ndipo pa mpopi pamatuluka ambiri. Paipi ikakhala yaitali kapena yowonda, madzi amachepa ngakhale thankiyo ili pamalo omwewo.

Lamulo la Ohm limagwira bwino ntchito pa zitsulo ngati kutentha kwake sikukusintha. Siligwira pa chinthu chilichonse: zipangizo zina za m'mawailesi ndi m'mafoni, monga diode, sizilitsatira.

Resistance ndi resistivity ya zitsulo

M'buku lake Ohm anasonyeza kuti kukaniza kwa waya kumadalira zinthu zitatu: kutalika kwake, kunenepa kwake, ndi mtundu wa chitsulo chimene wapangidwa nacho. Kutalika kukawirikiza kawiri, resistance imawirikizanso kawiri. Kukula kwa nkhope ya waya, imene imaoneka akamudula, kukawirikiza kawiri, resistance imatsika ndi theka. Popeza pa nthawiyo kunalibe muyezo wa resistance, iye ankaitchula ngati kutalika kwa waya wina wosankhidwa amene angakanize magetsi mofanana.

Gawo limene limachokera ku mtundu wa chitsulo lero limatchedwa resistivity, ndipo limalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki ρ. Lamulo lake ndi R = ρ × L ÷ A, pomwe L ndi kutalika ndipo A ndi kukula kwa nkhope ya waya. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kwakuti resistance ndi ya waya mmodzi amene munthu wamugwira m'manja, pomwe resistivity ndi khalidwe la chitsulocho, kaya chadulidwa motani. Mawaya awiri a mkuwa, wina wautali wina wamfupi, ali ndi resistance yosiyana koma resistivity yofanana.

Njira yosavuta yoyerekezera zitsulo ndi kutenga waya wa chitsulo chilichonse wotalika mita imodzi ndi nkhope ya sikweya milimita imodzi, pa kutentha kwa madigiri 20. Wa siliva amakhala ndi resistance ya pafupifupi 0.016 ohm, wa mkuwa 0.017, wa golide pang'ono kupitirira 0.02, wa aluminiyamu pafupifupi 0.027, wa tungsten 0.056, wa chitsulo cha mtundu umene amasulira makasu, chikakhala chosasakaniza, pafupifupi 0.1, ndipo wa nichrome pafupifupi 1.1. Siliva ndiye amadutsitsa magetsi bwino kuposa zitsulo zonse, koma ndi wokwera mtengo, n'chifukwa chake mawaya a m'nyumba amakhala a mkuwa. Nichrome, yemwe ndi msakanizo wa nickel ndi chromium, amakaniza magetsi kuwirikiza nthawi zoposa 60 poyerekeza ndi mkuwa. N'chifukwa chake amaikidwa m'mbaula zamagetsi, m'maketulo ndi m'simbi, momwe cholinga ndi chakuti waya atenthe.

Chitsulo chikatentha resistivity yake imakwera. Ya mkuwa imakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Kawaya ka tungsten ka m'mababu akale kakayaka kamakhala ndi resistance yowirikiza koposa kakhumi poyerekeza ndi pamene kali kozizira, ndipo ichi ndi chifukwa chake mababu otere kawirikawiri ankapsa pa nthawi yoyatsa, pamene ankakoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi.

Kukanidwa kwa ntchito yake

Ohm ankayembekeza kuti bukulo limutsegulira khomo la yunivesite, koma sizinatero. Asayansi ambiri a ku Germany pa nthawiyo sankagwiritsa ntchito masamu ozama pa fizikisi, ndipo bukulo linayamba ndi masamu ovuta m'malo moyamba ndi zimene anayeza. Ena ankakhulupirira kuti mphamvu ya batire ndi magetsi oyenda mu waya ndi zinthu ziwiri zosagwirizana. Ku Berlin kunalinso kutafala nzeru za wafilosofi Hegel, ndipo ena mwa omutsatira ankaona kuti chilengedwe chimamveka ndi kuganiza kwakuya kusiyana ndi kuyeza. Mmodzi mwa iwo, Georg Friedrich Pohl, analemba nkhani yonyoza bukulo, ndipo akuluakulu a ku unduna wa maphunziro ku Prussia sanamukondere Ohm.

Tchuthi chake chitatha, Ohm sanabwerere ku Cologne, ndipo mu March 1828 anatula pansi udindo wake kumeneko. Anakhala ku Berlin zaka pafupifupi zisanu akuphunzitsa masamu maola ochepa m'masukulu, kuphatikizapo sukulu ya asilikali, pa malipiro ochepa. Mu 1833 anapeza ntchito pa sukulu ya zaumisiri ya ku Nuremberg, m'dziko la kwawo la Bavaria. Kumeneko ankatchedwa pulofesa, ngakhale kuti sukuluyo sinali yunivesite, ndipo mu 1839 anakhala mkulu wake.

Kuvomerezedwa

Anthu oyamba kukhulupirira lamuloli anali amene analiyesa okha. Gustav Fechner wa ku Leipzig anachita kafukufuku wosamala ndi mabatire, ndipo mu 1831 anafalitsa zotsatira zogwirizana ndi za Ohm. Ku Russia, Emil Lenz ndi Moritz Jacobi ankaligwiritsa ntchito pa kafukufuku wawo wa maginito a magetsi. Ku France, Claude Pouillet anapezanso lamulo lomweli payekha m'zaka za m'ma 1830, ndipo kwa kanthawi anthu a kumeneko ankalitchula ndi dzina lake.

Mu 1841 bungwe la asayansi la Royal Society la ku London linapatsa Ohm mendulo ya Copley, yomwe inali mphoto yake yapamwamba kwambiri, ndipo mu 1842 linamusankha kukhala membala wochokera kunja. Buku lake linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1841. Charles Wheatstone, mmodzi mwa oyambitsa telegalafu ku Britain, anafotokoza mu 1843 njira zoyezera resistance ndipo ananena poyera kuti maziko ake anali lamulo la Ohm. Ulemu wochokera kunjawu unachititsa kuti a kwawo nawo amuzindikire, ndipo mu 1845 anakhala membala wa bungwe la asayansi la Bavaria.

Kafukufuku wina ndi imfa yake

Ohm anafufuzanso za mawu ndi kamvedwe ka khutu. Mu 1843 anafalitsa mfundo yakuti khutu limagawa liwu la chida choimbira kukhala maliwu angapo osavuta. August Seebeck, mwana wa Thomas Seebeck uja, anatsutsa mfundoyi, ndipo pamapeto pake Ohm anaisiya nkhaniyo. Patapita zaka Hermann von Helmholtz anaitsitsimutsa, ndipo lero imadziwika ngati lamulo la Ohm la kamvedwe.

Mu 1849 anasamukira ku Munich kukayang'anira zipangizo za fizikisi za bungwe la asayansi la Bavaria, ndipo anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya mumzindawo. Mu 1852, ali ndi zaka 63, anapatsidwa mpando wa pulofesa wa fizikisi pa yunivesite ya Munich. Anamwalira pa 6 July 1854 ali ndi zaka 65, ndipo anaikidwa m'manda a Alter Südfriedhof mumzinda womwewo. Ohm sanakwatire.

Muyezo wa ohm

Kufunika kwa lamuloli kunaonekera kwambiri pamene mayiko anayamba kuyala mawaya a telegalafu pamtunda ndi pansi pa nyanja. Waya woyamba wodutsa nyanja ya Atlantic anayalidwa mu 1858. Pa ntchito imeneyi William Thomson, amene anadzatchedwa Lord Kelvin, anapeza kuti mkuwa wochokera kwa ogulitsa osiyana unkadutsitsa magetsi mosiyana kwambiri chifukwa cha zitsotso zimene zinali m'kati mwake. Augustus Matthiessen anayeza zitsulo zambiri n'kusonyeza kuti zosakanikirana, ngakhale zochepa, zimakweza resistivity. Kuchokera apo mkuwa wa mawaya unayamba kuyengedwa kwambiri.

Akatswiri a telegalafu anafunika muyezo umodzi wogwirizana. Werner Siemens anapereka wake mu 1860, wotengera chitsulo chamadzimadzi cha mercury chothiridwa m'kapaipi kotalika mita imodzi. Mu 1861 Latimer Clark ndi Charles Bright anapereka ganizo lakuti miyezo ya magetsi itchulidwe ndi mayina a asayansi, ndipo komiti ya bungwe la British Association inakonza muyezo umene poyamba unkatchedwa ohmad, kenako ohm. Msonkhano wa mayiko wa za magetsi umene unachitikira ku Paris mu 1881 unavomereza ohm pamodzi ndi volt ndi ampere. Chizindikiro chake ndi chilembo cha Chigiriki Ω, chotchedwa omega. Yunivesite ya zaumisiri ya ku Nuremberg, imene inachokera ku sukulu imene ankatsogolera, imatchedwa ndi dzina lake, chimodzimodzinso chigwa china cha pa mwezi.

Zimene zinadziwika iye atamwalira

Ohm anapeza lamulo lake asakudziwa chimene chimayenda mu waya. Tinthu totchedwa ma electron tinatulukiridwa ndi J. J. Thomson mu 1897, ndipo mu 1900 Paul Drude anafotokoza kuti m'chitsulo muli ma electron omasuka amene amayenda pakati pa maatomu. Voltage imawakankhira mbali imodzi, koma panjira amasokonezedwa, ndipo kusokonezedwako ndiye gwero la resistance. Sayansi ya m'zaka za m'ma 1900 inasonyeza kuti chimene chimawasokoneza ndi kunjenjemera kwa maatomu, komwe kumakula chitsulo chikatentha, ndiponso zitsotso ndi zilema za m'kati mwa chitsulocho. Izi zinafotokoza zimene Davy ndi Matthiessen anaona. Mu 1911 Heike Kamerlingh Onnes wa ku Netherlands anapeza kuti mercury ikaziziritsidwa kufika pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro, resistance yake imatheratu.

Lamulo la Ohm ku Malawi

Ku Malawi lamulo la Ohm limaphunzitsidwa m'phunziro la fizikisi kusekondale, ndipo ndi limodzi mwa maziko a maphunziro a zamagetsi m'masukulu a ntchito zamanja. Zotsatira zake zimaonekera bwino pa kagawidwe ka magetsi m'dzikoli. Magetsi ambiri amapangidwa kum'mwera, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Malo oyamba a Nkula anatsegulidwa mu 1966. Kumpoto kwenikweni kuli malo aang'ono a Wovwe m'boma la Karonga, amene mphamvu yake sipitirira ma megawatt 5. Boma la Chitipa, lomwe lili kumapeto kwa dziko kumpoto, m'malire ndi Tanzania ndi Zambia, lili pa mtunda wa makilomita mazana ambiri kuchokera ku Shire, ndiponso pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku tawuni ya Karonga.

Waya wautali chonchi amakhala ndi resistance yaikulu, ndipo pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba, gawo la voltage limathera panjira, moti a kumapeto kwa chingwe amalandira yochepa, makamaka madzulo pamene anthu ambiri ayatsa magetsi. Chachiwiri, mphamvu ina imasanduka kutentha mu waya. James Prescott Joule anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 kuti kutenthaku kumakula molingana ndi resistance kuchulukitsa ndi current kawiri. Choncho njira yochepetsera kutayikaku ndi kukweza voltage kuti current ichepe. Voltage ikakwezedwa katatu, kuchoka pa ma volt 11,000 kufika pa 33,000, current yofunika kunyamula mphamvu yomweyo imatsika katatu, ndipo mphamvu yotayika imatsika kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake kampani ya ESCOM imanyamula magetsi pa ma volt 400,000, 132,000 ndi 66,000, n'kuwagawa pa 33,000 ndi 11,000, kenako mathiransifoma amawatsitsa kufika pa ma volt 230 a m'nyumba. Chingwe cha ma volt 400,000 chochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kupita ku Nkhoma m'boma la Lilongwe chinamalizidwa mu 2018.

Mawaya a m'mitengo ya magetsi kawirikawiri amakhala a aluminiyamu. Resistivity yake ndi yokwererapo kusiyana ndi ya mkuwa, moti waya wake amayenera kukhala ndi nkhope yokulirapo kuti afanane ndi wa mkuwa, komabe amalemera pafupifupi theka ndipo ndi wotsika mtengo.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito m'midzi imene sinafikidwe ndi magetsi a ESCOM, monga madera ambiri a kumapiri a Misuku ndi ku Nthalire, kumene mabanja ndi mashopu ena amadalira sola ndi batire la ma volt 12. Pa voltage yochepa chonchi, kutayika kwakung'ono kumamveka msanga. Ngati batire lili pa mtunda wa mamita 10 kuchokera pa chipangizo, magetsi amayenda mamita 20 popita ndi pobwera. Waya wa mkuwa wa nkhope ya sikweya milimita 1.5 wotalika chotero ali ndi resistance ya pafupifupi 0.23 ohm. Chipangizo chokoka ma ampere 5 chimataya volt imodzi ndi pang'ono mu wayamo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a voltage yonse. Waya wa nkhope ya sikweya milimita 4 amatsitsa kutayikako kufika pansi pa theka la volt. Mfundo yomangidwa molobodoka kapena yochita dzimbiri nayo imakhala ndi resistance yaikulu pamalo amodzi, imatentha, ndipo ingayambitse moto. Pa chifukwa chimenechi amisiri a zamagetsi amasankha waya poona kutalika kwa mtunda ndi kuchuluka kwa current imene adzanyamule, pogwiritsa ntchito masamu amene Ohm anawafalitsa mu 1827.